Kupeta Nsalu Mwachikale: Kuyala Chipinda ndi Kuphunzitsa Dzanja

Kuno ku Kasungu ukauza munthu kuti umapeta, amayamba wakuyang'ana m'manja ngati wanyamula lichero. Kupeta kumene ndikunena pano n'kwa singano ndi ulusi, kuja kolemba maluwa, mbalame ndi mayina pansalu. Ine ndinaphunzira kwa azakhali anga, iwo anaphunzira ku Chigwirizano cha amayi kumpingo, ndipo tinsalu tawo ta pamipando tinkatuluka m'sutikesi pokhapokha kukamveka kuti kukubwera alendo. Lero ndili ndi kachipinda kuseri kwa nyumba komwe timakhala anthu asanu, ena ophunzira, ena osoka za makasitomala.

Chimene ndaona n'chakuti misoko yambiri yakale inabadwira m'kusowa. Amene anaiyambitsa analibe magetsi, ulusi ankachita kupota okha kapena kugula modula, nsalu inkawombedwa pamanja, moti kutaya kachidutswa unali mlandu. Choncho anapeza njira zosawononga ulusi, zolimbitsira nsalu yotha ndi zojambulira popanda makina. Ife amene ulusi wabwino timachita kutuma munthu ku Lilongwe, njira zimenezi zili ngati anakonzera ifeyo.

Choyamba: sankhani chipinda poyang'ana zenera

Musathamangire kugula zinthu. Kaimeni m'chipinda chimene mukuchifunacho katatu, m'mawa, masana ndi cha m'ma 4 koloko madzulo, muone mmene kuwala kukulowera. Alangizi a ku Ulaya amati zenera liyang'ane kumpoto. Kwa ife n'zotembenuza, chifukwa tili kumwera kwa ikweta ndipo miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu. Zenera la kumwera ndi limene limalowetsa kuwala kofatsa, kosasinthasintha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. La kumadzulo ndiye loipitsitsa. Dzuwa la mu Okutobala likalowera pamenepo limathobwa m'maso, manja amachita thukuta, ulusi umene uli pashelefu umasuluka. Ngati zenera lanu lili komweko ndipo simungachitire mwina, ikani katani yoyera yopyapyala.

Wosoka ndi dzanja lamanja akhale moti kuwala kuzichokera kumanzere kwake, wamanzere kuzichokera kumanja, kuti dzanja lisamachite mthunzi pamene singano ikubaya. Makoma apakeni laimu. Khoma loyera limabweza kuwala, ndipo n'lotsika mtengo kuposa kuboola zenera lachiwiri.

Yang'ananinso kudenga. Malata opanda siling'i amagwetsa fumbi mphepo ikawomba, ndipo m'mawa wa mu Juni amachita thukuta n'kudonthetsa madzi a dzimbiri. Denga la udzu limagwetsa zinyalala ndi tizilombo. Kungani nsalu yakale kapena pepala la pulasitiki pamwamba pa malo okhalawo. Usiku, ngati n'kofunikadi kusoka, nyali ya sola yowala moyera ndiyo yabwino. Koloboyi ayi, mwaye wake umakhala pansalu. Ndipo mitundu ya ulusi muzisankha masana basi. Ine ndinasokapo tsamba lonse usiku ndi ulusi umene ndinkauyesa wobiriwira, kutacha ndinapeza kuti theka lake n'labuluu.

Chachiwiri: zida zochepa, koma zoyenera

Singano zikhale za mitundu itatu. Zosongoka za diso lalitali ndi zopetera wamba, ndipo nambala zake zimayenda chonchi: nambala ikakula, singano imachepa. Nambala 7 ndi 8 zimakwanira ntchito zambiri. Zobuntha kunsonga, monga nambala 22 ndi 24, ndi za misoko yowerenga ulusi wa nsalu, chifukwa zimadutsa pakati pa ulusiwo osaubaya. Zachitatu ndi zonenepa koma zakuthwa, zolowa ulusi waubweya.

Ulusi wopetera wodziwika, monga wa DMC kapena Anchor, umabwera m'timitolo totalika mamita 8, ndipo chingwe chilichonse chili ndi tiulusi 6 timene mumapatula. Maluwa ang'onoang'ono amafuna tiwiri, mizere yooneka patali titatu. Popatula, dulani kaye mlingo wochokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, gwirani chingwecho chakumapeto, kenaka solokolani kaulusi kamodzi m'mwamba. Mukang'amba pakati ngati mukugawa nzimbe, kamapiringizana. Ulusi wotalika kuposa mlingo umenewu umatha mphamvu podutsadutsa m'nsalu, umachita ubweya, umamanga mfundo zokha.

Pamsika pali ulusi wina wotsika mtengo wopanda dzina. Sindiukana, koma muziuyesa. Dulani kachidutswa, kaviikeni m'madzi ofunda, kaikeni pakati pa kansalu koyera n'kufinya. Kansalu kakasintha mtundu, ulusi umenewo ngwa ophunzira, osati wa kasitomala. Ndinaphunzira izi ndi misozi. Amayi a mpingo wina anandipatsa nsalu ya patebulo la kutsogolo m'tchalitchi, ndinaipeta masabata atatu ndi ulusi wofiira umene ndinagula mothamanga m'sitolo ina pa boma. Nditangoiviika m'beseni, madzi anafiira ngati ndaphera nkhuku momwemo. Nsalu ina ndinagula ndi ndalama zanga.

Mkombero wokungira nsalu ndi mphete ziwiri, ina yolowa mwa inzake. Ya m'katiyo ikulungeni ndi kansalu kong'amba motalika ngati bandeji, kuti izigwira bwino osasiya chipsera. Pa ntchito zazikulu pitani kwa kalipentala akukhomereni felemu ya matabwa anayi osalala, yokhala ndi mabowo m'mbali omangirapo zingwe. Ndi mmene opeta akale ankakungira nsalu zikuluzikulu, ndipo mpaka lero ku Royal School of Needlework, sukulu imene inayamba mu 1872 ku England, amaphunzitsa ndi felemu yotereyi.

Masizasi awiri: yaikulu ya nsalu, yaing'ono yosongoka ya ulusi. Imangeni kansalu kofiira pachogwirira kuti pakhomo aliyense adziwe kuti imeneyi siyodulira mapepala, tsitsi kapena zikhadabo.

Chachitatu: ichapeni nsalu isanaone singano

Nsalu ya thonje yatsopano imabwerera ikachapidwa koyamba. Mukapeta musanaichape, nsalu idzafupika koma ulusi ayi, ndipo duwa lanu lidzachita makwinya osatheka kusita. Ichapeni, iyanikeni pamthunzi, isiteni ikadali ndi kachinyezi. Podula, solokolani ulusi umodzi wa nsaluyo kuchokera mbali ina kufika ina, n'kudula motsata kanjira katsalako. Pindani m'mphepete ndi msoko wothamanga, uja wolowa n'kutuluka, kuti pasamayoyoke. Siyani malo okwana chikhatho kuzungulira chojambula chanu kuti mkombero upeze pogwira.

Kwa ongoyamba kumene, chiguduli chatsopano, chomwechi chomangira mabelo a fodya, n'chabwino kwambiri. Mabowo ake amaoneka ngakhale kwa agogo, ndipo ulusi wolukira majuzi umadutsa bwinobwino. Chogwiritsidwa kale ntchito chisiyeni, fungo la fodya limalowerera nsalu zonse m'chipinda.

Chachinayi: kusamutsa chojambula ndi makala

Apa ndiye pamene ambiri amawonongera nsalu, polemba ndi bolopeni kapena pepala la kaboni limene inki yake sichoka. Njira yakale, imene amisiri a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito pansalu ngakhalenso pojambula zithunzi za m'makoma, imangofuna pepala, singano ndi khala.

Jambulani duwa lanu papepala lolimbirapo. Liikeni pa bulangete lopinda, n'kuboola timabowo motsata mizere yonse, motalikirana ngati mamilimita 2 kapena 3. Pokhota, timabowo tiyandikane kwambiri. Kuti zala zisapweteke, zikani diso la singanoyo m'kamtengo kofewa kakhale chogwirira. Mukatha, kwezani pepalalo kuzenera muone ngati palibe mzere mwaudumpha.

Tengani khala louma bwino, lisinjeni, lisefeni pakansalu kopyapyala mpaka likhale ngati ufa woyera kusalala kwake. Pansalu yoyera, sakanizani ufa wa khalawo ndi choko chosinja kuti ukhale wotuwa, chifukwa khala lokhalokha limadetsa. Pansalu yakuda, choko chokha. Kulungani kachidutswa ka bulangete ngati ndudu yonenepa, kamangeni pakati ndi ulusi. Chimenechi ndiye chopakira chanu.

Nsalu ikhale yokungidwa kale. Ikani pepala pamalo pake n'kulibaya mapini kuti lisasunthe. Gunditsani chopakira mu ufa, kung'unthani wochuluka, kenaka pakani mozungulira pang'onopang'ono pamwamba pa timabowo. Ufa wochepa ndi wokwanira. Nyamulani pepala molunjika m'mwamba, osalikoka cham'mbali. Mudzaona duwa lanu lili pansalu ngati mawanga a nkhanga. Lumikizani timadonthoto ndi pensulo yosongoka, mopepuka, kuyambira mbali imene ili pafupi ndi inu kuti dzanja lisafute kumene simunafike. Mukatha, tembenuzani felemu n'kuigogoda kumsana, ufa wotsala ugwe. Osapukuta ndi dzanja. Tsekani zenera pochita zonsezi, makamaka mu Ogasiti, pamene mphepo imalowa osaodira.

Pepala loboolalo musataye. Limagwira ntchito kambirimbiri, ndipo mukalitembenuza limakupatsani duwa lomwelo loyang'ana mbali ina, zimene zimathandiza pa mapilo awiri kapena makona a nsalu ya patebulo.

Za zojambula, ndinene maganizo anga: tatopa nawo maluwa a rozi okopera pafoni. Duwa la fodya n'lokongola. Tsamba la chinangwa, ngala ya mapira, nkhanga, mizere ija amayi amalemba pakhosi pa mtsuko, phiri la Kasungu mmene limaonekera mukamachokera ku Lilongwe, zonsezi zimapeteka.

Chachisanu: misoko isanu, pansalu imodzi yophunzirira

Wophunzira aliyense akhale ndi nsalu yake yoyeserera, imene azisokapo mzere umodzi wa msoko uliwonse, n'kupetapo dzina lake ndi chaka. Mwambo umenewu ngwakale. Ku Victoria and Albert Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London, kuli nsalu yotere imene anapeta Jane Bostocke n'kulembapo chaka cha 1598. Kalelo nsalu zimenezi zinali ngati kope losungiramo misoko, munthu akaiwala ankangofunyulula n'kuona.

Lamulo la poyambira: palibe mfundo. Siyani kamchira ka ulusi kuseri, kaphimbeni ndi misoko yoyambirira. Pomaliza, lowetsani singano pansi pa misoko itatu kapena inayi ya kuseri n'kudula. Azakhali anga ukawapatsa nsalu sankayang'ana kumaso kwake. Ankangoti, "Mwanawe, tembenuza ndione kuseri."

Woyamba ndi msoko wothamanga, uja wolowa n'kutuluka. Musaupeputse. Ku Bengal, dera limene lili mbali ina ku Bangladesh mbali ina ku India, amayi ankasanjikiza nsalu zawo zakutha n'kuzisoka mizeremizere ndi msoko umenewu mpaka zikhale chofunda. Ntchitoyi amaitcha kantha, ndipo nthawi zambiri ulusi ankausolola m'mphepete mwa nsalu zakuthazo. Ku Japan, m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, alimi ndi asodzi ankalimbitsa zovala zawo ndi ulusi woyera pansalu yabuluu woderako, yonga biriwita wa agogo athu. Imeneyo ndi sashiko. Inu tengani zitenje zitatu zotha, zichapeni, zisanjikizeni, zigwirizitseni ndi misoko italiitali kuyambira pakati kupita m'mbali. Kenaka sokani mizere yotalikirana ngati chala chimodzi. Tolani misoko inayi kapena isanu pasingano musanakoke, ndipo msoko wa pamwamba uzitalikirapo pang'ono kuposa mpata wake. Apa mkombero sufunika. Mukatha mzere uliwonse, salazani nsalu ndi chala chachikulu kuti isakwinyike. Chimatuluka ndi chofunda cha mwana chofewa kuposa cha m'sitolo.

Wachiwiri ndi msoko wa phesi, umene Angerezi amati stem stitch, wolembera mizere, mayina ndi mapesi a maluwa. Yambirani kumanzere. Tulutsani singano pamzere, ibayeni patsogolo pang'ono ngati mamilimita 4, n'kuitulutsa pakati pa malo awiriwo, ulusi uli m'munsi mwa singano. Bayaninso patsogolo, n'kutulukira pamene msoko woyamba unathera. Chinsinsi n'chimodzi: ulusi uzikhala mbali imodzimodzi nthawi zonse. Mukausinthasintha, mzere umaoneka ngati njira ya munthu woledzera. Pokhota fupikitsani misoko.

Wachitatu ndi wogoneka ulusi n'kuumanga, umene ndimaukonda kuposa yonse, ndipo ndikhalitsapo. Pali nsalu ina yotchuka ya mumzinda wa Bayeux ku France, yotalika pafupifupi mamita 70, m'lifupi pafupifupi theka la mita, yofotokoza mmene William wa ku Normandy anagonjetsera Mfumu Harold ya England pa nkhondo ya ku Hastings mu 1066. Inapetedwa ndi ulusi waubweya pansalu ya fulakesi zaka zoposa 900 zapitazo. Akavalo, zombo ndi asilikali onse aja anadzazidwa ndi njira imodzi, yogoneka ulusi n'kuumanga, ndipo m'mphepete anazungulizamo msoko wa phesi.

Ubwino wake mumauona mukayerekeza ndi msoko wodzaza umene ambiri tinaphunzira kusukulu, uja wozungulira kumaso ndi kuseri. Umenewo ulusi umene waoneka kumaso ndi womwenso wabisala kuseri, kutanthauza kuti theka la ndalama zanu likuyang'ana tebulo. Wogonekawu pafupifupi ulusi wonse umakhala kumaso.

Chitani chonchi. Kungani nsalu ngati ng'oma, moti mukaigogoda ndi chala izilira. Popanda zimenezi musayambe n'komwe. Zungulizani tsamba lanu ndi msoko wa phesi. Tsopano tulutsani singano m'mphepete mwa tsamba, gonekani ulusi kudutsa tsamba lonse, bayani tsidya linalo. M'malo mobwerera kudzera kuseri, tulukirani pompo, pafupi ndi pamene mwabayapo, n'kugoneka ulusi wobwerera. Kuseri kuzingotsala timadontho m'mphepete. Pitirizani mpaka tsamba litadzaza, ulusi uli phaphatiphaphati, nsalu osaonekera. Ngati nsalu yanu ndi yofewa moti timabowo tikung'ambikirana, gonekani modumpha mpata wa ulusi umodzi, kenaka mubwerere kudzaza mipatayo.

Pakadali pano ulusiwo uli lendelende, chala chikhoza kuukola. Ndiye gonekani ulusi wina mopingasa pamwamba pake, monga mmene timamangira mbalo padenga, motalikirana ngati mamilimita 4 kapena 5. Mbalo iliyonse mukangoigoneka, imangeni ndi timisoko ting'onoting'ono todutsa pamwamba pake n'kulowa m'nsalu. Timisoko ta mzere wachiwiri tikhale pakati pa ta mzere woyamba, ngati kayalidwe ka njerwa. Osakoka kwambiri, mbalo ingakhote. Njira imeneyi imadzaza malo aakulu msanga, ndiye ndi yoyenera mbendera za mipingo, za makwaya ndi za masukulu. Ulusi wolukira majuzi wopyapyala umagwira bwino ntchito pansalu yolimba.

Ndipo musaganize kuti nkhani zazitali pansalu n'za Azungu okha. Amayi a ku Hamburg, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anapeta mbiri ya dera lawo pansalu yotalika mamita 120 yotchedwa Keiskamma Tapestry, atatengera nzeru ku ya Bayeux ija.

Wachinayi ndi wa tcheni. Tulutsani singano, ibwezeni pabowo lomwelo n'kusiya kagoba ka ulusi, tulukirani patsogolo m'kati mwa kagobako, kokani mofatsa. Mukakoka mwaukali, tcheni chimatsekeka n'kukhala ngati chingwe. Kagoba komaliza kamangeni ndi kamsoko kamodzi, apo ayi mzere wonse umasomoka mukangokoka, ngati msoko wa thumba la feteleza.

Wachisanu ndi wowerenga, ndipo apa ndi pamene chiguduli ndi singano yobuntha zimalowa. Ku England m'zaka za m'ma 1500 anthu ankakonda kupeta makolala ndi mikono ya malaya oyera ndi ulusi wakuda wa silika. Popeza mkono wa malaya umaoneka mbali zonse, ankagwiritsa ntchito msoko wofanana kumaso ndi kuseri. Lero umatchedwa ndi dzina la Hans Holbein, mmisiri amene ankajambula anthu a kunyumba ya Mfumu Henry VIII, chifukwa m'zithunzi zake umaoneka bwino kwambiri. Kasokedwe kake n'kosavuta: pitani ndi msoko wothamanga, kudumpha ulusi uwiri wa nsalu pamwamba, uwiri pansi, mpaka kumapeto. Pobwerera, dzazani mipata imene munasiya, kulowa m'mabowo omwe aja. Ndi wabwino pa mipango ya m'manja ndi tinsalu tovundikira chakudya.

Anyamata akafuna kuphunzira, musawabweze. Kwa Ahausa a ku Nigeria, mikanjo ikuluikulu ija amapeta ndi amuna. Kwa Akuba a ku Kasai, m'dziko la Congo, amuna amawomba nsalu ya chiwale, amayi n'kumaipeta. Ngakhale Oholiabu, wopeta wotchulidwa m'Baibulo pa Eksodo 38:23, anali bambo. Mwa ophunzira anga, amene ali ndi dzanja lofatsa kwambiri ndi mnyamata amene m'mawa amakhala pa kabaza.

Chachisanu ndi chimodzi: chilichonse chikhale ndi kwawo

Gawani chipinda patatu, ngakhale chikhale chaching'ono. Pakhomo pakhale ndowa ya madzi, sopo ndi thaulo. Aliyense wolowa asambe m'manja, ndipo nyengo ya fodya asambe kawiri, chifukwa utomoni wake ukagwira nsalu yoyera suchoka. Mafuta odzola m'manja adikire poweruka. Kufupi ndi zenera ndi kwa osoka. Kumdima, kutali ndi dzuwa, ndi kosungira katundu. Tebulo lodulira ndi losinjira makala likhale kutali ndi nsalu zoyera. Tiyi, mandasi ndi mtedza wokazinga zithere pakhonde.

Ulusi ukulungeni pa timakatoni todula ngati chala chachikulu, n'kulembapo nambala ya mtundu wake musanataye kapepala kamene unabwera nako. Tsiku lina ulusi udzakutherani duwa lili pakati, ndipo wopita ku Lilongwe simungamuuze kuti "wofiirira pang'ono". Mumamupatsa nambala. Timakatonito tisanjeni m'mabotolo a galasi otsekeka, botolo lililonse mtundu wake. Tizidutswa totsala tikhale ndi botolo laketake, n'tothandiza pa maso a mbalame ndi pophunzitsa.

Adani a chipinda chino ndi chiswe, njenjete, makoswe, mphemvu, chuku ndi dzimbiri. Chiswe ndiye mfumu yawo. Shelefu isagunde khoma, siyani mpata wolowa dzanja, ndipo katundu asakhale pansi. Sabata iliyonse suzumirani kuseri ngati sichinayambe kumanga njira zake. Ine katoni ya nsalu inakhala pakona mwezi umodzi wa dzinja, pamwamba ikuoneka bwinobwino, pansi patasanduka dothi. Njenjete zimakonda ubweya, choncho ulusi waubweya ukhale m'chidebe chotseka ndipo muziutulutsa kawirikawiri kuupitsa mphepo. Nsalu zomalizidwa musazitsekere m'majumbo nthawi ya mvula, zimachita chuku. Zikulungeni m'nsalu yoyera ya thonje. Zazikulu zikulungeni pa paipi kapena nsungwi yosalala yokutidwa ndi nsalu, maluwa ali kunja, m'malo mozipinda.

Singano zibayeni pakansalu kaubweya kouma, osati kuzisiya pansalu imene mukupeta. Usiku umodzi wa chinyezi ndi wokwanira kusiya kadontho ka dzimbiri. Poweruka muziziwerenga. Ngati m'mawa zinali khumi, zipezeke khumi, chifukwa ana amalowa opanda nsapato. Kamaginito kochokera mu sipika yakufa kamathandiza kutola zogwa. Nsalu ichotseni mumkombero tsiku lililonse, ya pafelemu ivundikireni.

Ntchito iliyonse ikhale ndi kathumba kake ka nsalu, momwe muli nsaluyo, ulusi wake, pepala loboola ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Mapepala oboola ena onse asungeni m'faelo mosapinda. Ophunzira akhale pamipando yoti mapazi afike pansi, ndipo pakatha mphindi 30 aliyense adzuke, ayang'ane kutali, awongole msana. Watsopano mukhazikeni pambali pa wodziwa, osati moyang'anana naye, kuti aone dzanja likuyenda mbali yomwe lake liyendere.

Chachisanu ndi chiwiri: buku la maoda

Gulani kope lachikuto cholimba. Oda iliyonse tsamba lake: tsiku, chimene afuna, muyeso, nambala za ulusi, tsiku lodzatenga, ndalama zimene apereka ndi zotsala. Mawu oti apetedwe, kaya ndi dzina, kaya ndi vesi, kasitomala alembe yekha ndi dzanja lake kapena atumize pa WhatsApp. Kumasula dzina lopetedwa kale chifukwa cha chilembo chimodzi kumasiya mabowo, komanso mkangano wa amene walakwitsa sutha. Landirani theka la ndalama musanadule nsalu. Wachibale nayenso, ngakhale kumuuza kwake kumavuta.

Patsamba lomwelo muzilemba maola amene mwasoka tsiku lililonse. Ambiri timawerengera nsalu ndi ulusi, nthawi yathu n'kuipereka ulele. Mukalemba maoda asanu mudzadziwa kuti duwa la chikhatho limakudyerani maola angati, ndipo mtengo mudzautchula osagwetsa nkhope. Kumbukiraninso kuti kuno ndalama zimayenda ndi nyengo. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Chinkhoma, anthu akagulitsanso soya ndi mtedza, maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene maoda ali zii, ndi yopetera zogulitsa za m'tsogolo ndi kuphunzitsa atsopano.

Chotsiriza: kuchapa ndi kusita

Viikani nsalu m'madzi ozizira a sopo wofatsa, ifinyeni pang'onopang'ono ndi zikhatho, osaifikisa kapena kuipotokola. Tsukuluzani mpaka madzi ayere. Madzi a pachitsime akakhala ofiirira, asiyeni agone m'ndowa usiku n'kutunga a pamwamba. Ikulungeni m'thaulo kuti limwe madzi, iyanikeni mogoneka pamthunzi.

Posita, yalani thaulo lofewa, ikani nsaluyo chafufumimba, maluwa akuyang'ana pansi, ndipo pamwamba yalanipo kansalu koyera. Mukatero misoko imamira m'thaulo n'kutuluka yotukuka. Mukasita kumaso imaphwatalala, ubweya umachita kunyezimira. Ngati simbi yanu ndi ya makala, iuzireni phulusa panja, ipukuteni pansi pake, n'kuiyesa kaye pa chigamba. Dindani n'kunyamula, dindani n'kunyamula, osakwekwereza. Isiyeni izizire pomwepo musanaikulunge.